Nsalu ya chikwama chokwerera phiri: kodi madzi amalowera pati?

Munthu akafuna chikwama chobereka popita kuphiri, funso loyamba kwa wogulitsa limakhala lakuti, "Nsalu yake imalowa madzi?" Funsoli n'lomveka, koma yankho lake silingakutsimikizireni kuti zovala zanu zikafika zouma. Mayankho otsatirawa ayedzamira pa mfundo imodzi: nsalu muisankhe poona kulimba kwake ndi mmene idzakalambire, ndipo ntchito yoteteza katundu ku madzi muisiyire thumba lina la mkati.

Mvula tinaizolowera. N'chifukwa chiyani kunyowa kwa katundu m'phiri kukhale nkhani yaikulu?

Choopsa m'phiri ndi kuzizidwa kumene kumabwera mvula itamunyowetsa munthu. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kotero wonyamuka pa Likhubula thukuta lili kamukamu, akamayandikira Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, amakhala atalowa m'nyengo yozizira ndi madigiri oposa 10 kusiyana ndi imene waisiya kumunsi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza ka 20 ndi kupitirira poyerekeza ndi mpweya wouma. Pamene munthu akuyenda, thupi limadzitenthetsa lokha ndipo malaya onyowa savuta kwenikweni. Mavuto amayamba madzulo, akafika pa nyumba yogona alendo ya pa Chisepo kapena pa Thuchila, n'kutsegula chikwama kuti asinthe, n'kupeza juzi ndi thumba logonamo zitanyoweratu.

Mvula yake nayo ili pawiri. Ya dzinja imagwa mwamphamvu koma nthawi zambiri imakata msanga. Ya chiperoni, imene imabwera m'miyezi yozizira, ndi kamvula kowaza kosakanikirana ndi chifunga, ndipo kangathe masiku angapo kasanaleke. Yachiwiriyi ndiyo imaulula zofooka za chikwama, pakuti madzi akapatsidwa nthawi sasowa polowera.

Ndiye nsalu imene silowa madzi ndi iti?

Nsalu iliyonse yoluka ili ndi timipata pamene ulusi wake wapingasana, ndipo madzi amadutsa m'timipatamo ngakhale ulusiwo utakhala wa nayiloni. Chimene chimatseka madzi ndi chinthu china chomatidwa kuseri kwa nsaluyo. Pa zikwama zambiri chinthucho ndi polyurethane, amene pamapepala a malonda amalembedwa kuti PU: amamupaka ali wamadzimadzi, n'kuuma kukhala kakhungu kopyapyala konyezimira kamene mumakaona mukatembenuza chikwama. Ena amapaka silicone, ena amamata pepala la TPU, ndipo zikwama zolemera kwambiri zimasokedwa ndi lona wa PVC wofanana ndi wofunditsa katundu pa lole.

Mphamvu ya kakhunguko ili ndi muyeso wake, umene amautcha hydrostatic head. Mwa ndondomeko ya ISO 811, amamanga kachidutswa ka nsalu pamakina, n'kumakankhira madzi mbali imodzi mowonjezera pang'onopang'ono mpaka madontho ataonekera malo atatu mbali inayo. Zotsatira zimalembedwa m'mamilimita. Nsalu ya 1,500 mm ndiye kuti yapirira kulemera kwa madzi oimikidwa m'paipi yotalika mita imodzi ndi theka, ndipo opanga matenti ambiri amauona muyeso umenewu kukhala wokwanira pa mvula wamba. Nsalu yatsopano ya chikwama chabwino siivutika kufika pamenepa. Koma taonani chimene chayesedwa: kachidutswa katsopano, koyalidwa bwino, kamene singano sinakakhudze. Chikwama chenicheni chimapangidwa ndi zidutswa zambirimbiri zosokedwa pamodzi, ndipo nambala ija sikunena kanthu za polumikizira pake.

Mwina mungafunse za Gore-Tex, imene inachokera pa zimene Bob Gore anatulukira mu 1969. Ubwino wake ndi wakuti imatseka mvula koma n'kumatulutsa nthunzi ya thukuta. Pa jekete zimenezo n'zofunika kwambiri, koma katundu wa m'chikwama satuluka thukuta, ndiye palibe chifukwa cholipirira ubwino umenewo.

Ngati nsalu yatseka madzi, akulowera pati?

Choyamba ndi m'misoko. Makina osokera amaboola mabowo atatu kapena anayi pa sentimita iliyonse, ndipo bowo lililonse limapyoza kakhungu ka PU. Chikwama chachikulu chili ndi misoko yotalika mamita angapo, kutanthauza mabowo zikwi zingapo. Ulusi wodutsa m'mabowomo ukanyowa umakokera madzi mkati monga mmene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini, ndipo katundu akalemera, msoko umakokeka, mabowo n'kukula. Pa jekete ndi pa tenti, opanga amamata tepi yotenthetsa kuseri kwa msoko uliwonse. Pa chikwama zimenezi n'zovuta: misoko yake ndi yokhotakhota, pena pakumana nsalu zinayi kapena zisanu, pena palowa lamba wochindikala ndi siponji, ndipo m'mphepete mwake amapindiramo kansalu kotchinga. Tepi sigwira bwino pamalo otere, n'chifukwa chake zikwama zambiri, ngakhale zodula, misoko yake siimatidwa.

Chachiwiri ndi zipi. Zipi wamba amalowetsa madzi m'mano ake ndi m'nsalu yake yomwe. Palinso zipi wopakidwa PU pamwamba, ngati AquaGuard wa kampani ya YKK, amene amakana mvula yowaza, koma pamene kokokera kake kaima pamatsala kampata, ndipo akamakalamba milomo yake sikumananso bwino. Chachitatu ndi mbali yokhudza msana. Mvula yotsetsereka pa jekete imatsikira pakati pa msana ndi chikwama, siponji n'kumwa madzi, ndipo kuyenda kwanu kumawafinyira m'misoko ya malamba a m'mapewa, pamene pali mabowo ochuluka kuposa pena paliponse. Onjezanipo kabowo kotulutsira paipi ya madzi akumwa ndi kutula chikwama pa udzu wonyowa popuma, muona kuti pa njira zonsezi palibe imene ikudutsa pakati pa nsalu yeniyeniyo.

Nanga posankha nsalu tiziyang'ana chiyani?

Yang'anani ngati ingapirire kukhulika pa mwala. Nambala imene mumaona ndi chilembo D, monga 210D, 420D kapena 1000D, ndi denier, kutanthauza kulemera kwa ulusi wotalika mamita 9,000 m'magalamu. Nambala ikakula ndiye kuti ulusi ndi wonenepa, ndipo nsalu imalemera. Sinena za madzi ngakhale pang'ono, ndipo ngakhale pa kulimba sinena zonse, chifukwa mtundu wa ulusi ndi kalukidwe zimawerengedwanso. Poliyesita wa 600D, amene wadzaza pa zikwama zotsika mtengo za ana a sukulu, ali ndi nambala yaikulu kuposa nayiloni wa 420D, koma nayiloni wolukidwa mothithikana nthawi zambiri amakhalitsa kuposa iye akamakwekwesedwa. Poliyesita naye ali ndi zabwino zake: samwa madzi kwenikweni, pamene nayiloni amamwa pafupifupi magawo 4 pa 100 a kulemera kwake n'kutamuka pang'ono, ndiponso poliyesita amapirira dzuwa kuposa nayiloni. Dzina lakuti Cordura, limene linayambira ku DuPont ndipo tsopano ndi la kampani ya Invista, limapezeka pa nsalu za mitundu ingapo, koma yodziwika kwambiri ndi nayiloni wokhakhala wa 500D ndi 1000D. Nsalu yokhala ndi timizere topingasana ngati pepala la masamu ndi ripstop. Timizereto ndi ulusi wonenepa umene umaimitsa kung'ambika kukangoyamba.

Maganizo anga ndi akuti, pa phiri la miyala ngati Mulanje, pamene njira ya ku Sapitwa imafuna kukwawa ndi kudzipanikiza pakati pa matanthwe, thupi la chikwama likhale la nayiloni wa pakati pa 210D ndi 420D, koma pansi pake pakhale 500D kapena kupitirira, kapenanso nsalu ziwiri zosanjikiza. Chikwama chonse cha 1000D n'cholimba zedi, koma kulemera kwakeko mumakubereka njira yonse, pamene mbali zambiri za chikwama sizikhudza mwala.

Zikwama zambiri zabwino zimapezeka pa kaunjika. Kodi kakhungu ka mkati kamakhala kadakali ndi moyo?

Ili ndiye funso lofunika kwambiri kwa ogula a m'mayiko otentha, ndipo ndi limene mapepala a malonda salikhudza. PU wa mtundu wofala amawonongeka ndi chinthu chomwe anaikidwira kuti atseke. Chinyezi chimadula pang'onopang'ono timfundo tolumikiza tizigawo take, zimene akatswiri amazitcha hydrolysis, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuwonongekako. Kakhungu kaja kamayamba kunanda m'manja, kenako kamatulutsa fungo lowawasa, pomaliza kamasupuka n'kumayoyokera pa zovala. Zimachitika ngakhale chikwama chitangokhala m'kabati osagwira ntchito. Chikwama chimene chatumikira zaka ku Ulaya, n'kupanikizidwa m'belo, n'kuyenda m'chikontena chotentha panyanja, chimafika pamsika chikuoneka bwino kunja koma mkati mwake ntchito itatha.

Choncho musagule musanachitembenuze. Pakani chala mkati: chikananda kapena pakachoka tizidutswa toyera, kakhunguko katha. Nunkhizani. Lozetsani nsalu ya pansi kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa m'malo operepeseka. Komabe ndikufuna nditsindike mbali imene ambiri amaiphonya: chikwama chotere si chotaya. Ngati malamba a m'mapewa ndi a m'chiuno ali olimba, siponji sinaphwe, zomangira zapulasitiki sizinasweke ndipo zipi akuyenda, ndiye kuti zinthu zimene zimanyamula katundu zilipo zonse. Chimene chatha ndi chitetezo chimene, monga taonera, sichinali chokwanira ngakhale chili chatsopano. Nenererani mtengo potchula kusupukako, kachapeni ndi madzi ofunda, sopo wochepa ndi burashi kuti zoyoyoka zichoke, ndipo muikemo thumba la mkati.

Amene chikwama chake chidakali chabwino angachedwetse matendawa. Chiume bwinobwino pamthunzi musanachisunge, muchisunge chotsegula pamalo podutsa mphepo, kutali ndi denga la malata, ndipo musachichape m'makina. Silicone savutika ndi chinyezi motere, koma tepi sigwira pa iye. Palinso njira yakale ya nsalu yochindikala yosakaniza thonje ndi poliyesita n'kupakidwa phula, imene makampani ngati Macpac a ku New Zealand ndi Fjällräven a ku Sweden amadziwika nayo. Ulusi wa thonje ukanyowa umafufuma n'kutseka timipata, mabowo a singano omwe. Nsalu yotere imalemera, imachedwa kuuma ndipo imachita nkhungu ikasungidwa yonyowa, koma ilibe kakhungu kosupuka, ndipo telala aliyense wa makina olimba angaisoke.

Akuti pali nsalu zamakono ngati Dyneema ndi X-Pac zimene madzi sadutsa mpang'ono pomwe. Kodi sizikugwetsa mfundo yanu?

Nsalu zimenezi n'zodabwitsa ndipo sindikuzinyoza. Zonse zinachokera ku matanga a ngalawa za mpikisano. Imene lero ikutchedwa Dyneema Composite Fabric inayamba ndi dzina lakuti Cuben Fiber, ndipo inatchuka pa ngalawa imene inapambana mpikisano wa America's Cup mu 1992. Kampani ya DSM ya ku Netherlands inagula opanga ake mu 2015. Siyoluka konse: ulusi wa polyethylene wolimba kwambiri, wopepuka moti umayandama pamadzi, amauyala pakati pa mapepala awiri opyapyala a pulasitiki n'kumata pamodzi. X-Pac, ya kampani ya Dimension-Polyant, ili ndi nayiloni woluka pamwamba, ulusi wopingasa pakati, ndi pepala la poliyesita kunsi kwake. Mwa zonse ziwiri, chotseka madzi ndi pepala lathunthu, losadalira chopaka, ndipo nsaluyo simwa madzi ambiri, choncho chikwama sichilemera mvula ikagwa.

Koma singano ikadutsa pa pepalalo bowo limakhala bowo, ndipo pulasitiki safufuma kuti alitseke. Opanga ena amamata tepi pa misoko yambiri ya zikwama zotere, zimene zimathandizadi, komabe n'kovuta kumata bwino pamene palowa malamba a m'mapewa, ndipo iwo omwe amalangiza kuti zinthu zosafunika kunyowa zikhale m'matumba akeake. Pepala la Dyneema silichedwa kukhulika pa mwala, n'chifukwa chake pa zikwama amalimatirira poliyesita woluka kunja kwake. Ndipo popindikapindika, pakapita nthawi, pamabadwa timabowo tosaoneka ndi maso. Chimene mumagula ndi ndalama zambirizo ndi kupepuka. Kwa woyenda miyezi ingapo amene amawerengera galamu iliyonse, n'zomveka. Kwa wokwera phiri kawiri kapena katatu pachaka, ndalamazo zingagwire ntchito yaikulu pa nsapato zabwino ndi jekete ya mvula.

Nanga zikwama zopanda msoko, zomatidwa ndi kutentha?

Apa wotsutsa ali ndi mfundo yolimba, ndipo ndiyenera kuivomereza. Zikwama zimenezi sizilowadi madzi. Nsalu yokutidwa ndi TPU kapena PVC amailumikiza poisungunula ndi makina a mafunde amagetsi, zidutswa ziwiri n'kukhala chimodzi popanda bowo, ndipo pakamwa pake palibe zipi: mumapinda katatu kapena kanayi n'kumanga. Kampani ya Ortlieb ya ku Germany, imene Hartmut Ortlieb anaiyambitsa mu 1982, inatchuka ndi njira imeneyi. Zikwama zotere zimalembedwa muyeso wa IP, umene umayesa chinthu chonse chathunthu: IP64 ndi chopirira fumbi ndi madzi owaza kuchokera mbali zonse, IP67 ndi chopirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30. Muyeso umenewu ndi wodalirika kuposa nambala ya kachidutswa ka nsalu. Woyenda pa bwato panyanja, kapena pa njinga yamoto nthawi ya dzinja, asazengereze kugula chotere.

Kuphiri nkhani imasintha pa zifukwa zingapo zolumikizana. Nsalu yomatika ndi yochindikala, ndiye chikwama chimalemera, ndipo popeza thumba lililonse lakunja ndi lamba aliyense amafuna pomatira pake, zambiri zimakhala ndi matumba ochepa ndi malamba osakhazikika bwino pa katundu wolemera wa masiku angapo. Chachikulu n'chakuti khungu limene likutseka madzi ndi lomwelo limene likukhulika pa mwala ndi kulasidwa ndi minga. Kabowo kamodzi kokha, chitetezo chonse chapita, ndipo madzi olowa alibe potulukira. Mukapita nacho kwa telala kapena wosoka nsapato, singano yake iwonjezera mabowo; chimafuna chigamba ndi guluu wake. Komanso tenti yonyowa kapena jekete ya mvula mukaziponya mkatimo, chinyontho chake chimagawidwa kwa zonse. Mapeto ake mwini chikwama chosalowa madzi amapezeka akufunabe thumba lolekanitsa zouma ndi zonyowa.

Kodi chophimba cha mvula chimene chimabwera ndi chikwama sichokwanira?

Chimathandiza kuti nsalu ndi matumba akunja asamwe madzi, koma chimasiya poyera mbali ya kumsana, imene ndi njira yaikulu ya madzi. Mphepo ya pamwamba pa phiri imachifutukula, nthambi zimachikola, ndipo madzi olowa amadikha pansi pake chikwama n'kukhala m'chithaphwi. Wokuthandizani kunyamula katundu akasankha kusenza chikwamacho pamutu, chophimbacho sichikhalanso pamene mvula ikugwera. Chitengeni ngati chothandizira chabe.

Wogulitsa amathira madzi pa nsalu, madontho n'kumagubuduka. Umenewo si umboni?

Ndi umboni wa mankhwala opopera kunja otchedwa DWR, amene amachititsa madzi kuundana m'madontho m'malo mofalikira. Amathandiza nsalu kuuma msanga, koma satseka timipata, ndipo fumbi, thukuta ndi kukhulika zimawachotsa. Kwa zaka zambiri mankhwalawa ankapangidwa ndi gulu la PFAS, limene siliwola m'chilengedwe ndipo limaunjikana m'madzi ndi m'matupi. Dera la California ku America linaletsa kugulitsa nsalu zambiri zatsopano zothiridwa PFAS kuyambira mu 2025, ndipo makampani ambiri akusintha. Pa chikwama, chimene chitetezo chake chenicheni chili mkati, palibe chifukwa chokakamirira mankhwala amphamvuwo, makamaka poganizira kuti mitsinje yochokera m'mapiri ndi imene midzi ya m'munsi imamwa.

Thumba la mkatilo likhale lotani, ndipo limagwiritsidwa ntchito bwanji?

Likhale thumba limodzi lalikulu lopanda msoko wa singano, lokulirapo kuposa chikwamacho kuti lidzaze ngodya zonse n'kutsalabe ndi khosi lalitali lopotokola. Lingakhale thumba logula la nayiloni la misoko yomatidwa ndi pakamwa popinda, kapena jumbo yaikulu yochindikala ngati zotayiramo zinyalala za m'munda kapena za pa zomangamanga. Majumbo opyapyala sayenera: amabooka ndi ngodya ya mpoto womwe, ndipo ku Malawi malamulo a mu 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala kuposa ma micron 60. Thumba limene munali feteleza kapena mankhwala a mbewu lisayandikire zovala ndi chakudya. Ubwino wa njirayi ndi kugawana ntchito: nsalu yakunja imalimbana ndi miyala ndi minga koma siyenera kutseka madzi, pamene thumba la mkati limatseka madzi koma silikhudza mwala. Likabooka mumasintha ndi ndalama yochepa, chikwama chili chomwecho.

Musananyamuke, lidzazeni mpweya, gwirani pakamwa n'kulifinya. Likaphwa ndiye kuti lili ndi bowo, ndipo bowolo mungalitseke ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri. Ikani thumba logonamo pansi, zovala zosinthira pamwamba pake, finyani kuti mpweya utuluke, potokolani khosi, lipindireni pansi n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Tenti, jekete ya mvula, botolo la madzi ndi mafuta ophikira zikhale kunja kwa thumbalo, pamwamba pake kapena m'matumba a m'mbali. Foni, machesi, tochi, mankhwala ndi ziphaso zikhale m'kathumba kena kakang'ono kotsekeka, chifukwa zimenezi mumazifuna masana, ndipo thumba lalikululo siliyenera kutsegulidwa mvula ikugwa. Wodandaula kuti tikuchulukitsa pulasitiki m'phiri akunena zoona ngati thumbalo litayidwa komweko. Jumbo yochindikala imapirira maulendo angapo, ndipo ikatha iyenera kutsika ndi mwini wake pamodzi ndi zinyalala zina zonse.